Mafunso a Owerenga: Akhazar Adachokera Kuti, Nanga Adathera Kuti?

Mwezi uno ndalandira makalata atatu ofunsa za mtundu umodzi wa anthu, choncho ndawaika pamodzi. Ndikhalitsa pa yoyamba, chifukwa zinazo zikutsamira pa iyo.

FUNSO: Zikomo. Ndine mphunzitsi wa mbiri kusekondale. Wophunzira wanga wina adaonera kanema pa foni wonena za anthu otchedwa Khazar. Kanemayo akuti anthuwa adanyamuka mkatikati mwa Asia ali mtundu umodzi, nayenda kulowera kumadzulo mpaka kukafika ku Ulaya. Adandifunsa ngati n'zoona, ine n'kumulonjeza kuti ndifufuza. Kodi anthuwa adachokera kuti, ndipo chidawasamutsa n'chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, mwachita bwino kusamupatsa mwanayo yankho longomuchotsa pamaso. Ndiyambe ndi pomwe kanemayo waphonya. Palibe tsiku lomwe mtundu wotchedwa Khazar udamanga akatundu n'kuona msana wa njira. Akhazar sadafike kumadzulo ali kale mtundu ayi. Adaumbikira komweko, m'chidikha cha kumpoto kwa mapiri a Caucasus, pakati pa nyanja ya Caspian ndi ya Black Sea, kuchokera ku magulu a anthu omwe ankafika motsatizana kwa zaka pafupifupi 200.

Muwaonetse mapu ana anu. Kuchokera ku Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China, mpaka ku Hungary kwayala chidikha cha udzu chotalika makilomita pafupifupi 8,000. Mvula kumeneko ndi yochepa, mitengo ndi ya apo ndi apo, ndipo nthawi yozizira mitsinje imaundana mpaka kavalo kumayenda pamwamba pake. Anthu akumeneko ankaweta akavalo, nkhosa, ng'ombe ndi ngamila, ankagona m'mahema a ubweya wa nkhosa, ndipo ankasuntha ndi ziweto potsata msipu. Kwa munthu wotere, kugonja pankhondo n'kutaya msipu, ndipo wotaya msipu sakhala pansi kuonerera ziweto zikufa. Amakalanda wa mnzake wochepa mphamvu. Popeza mafumu oopsa kawirikawiri ankabukira kum'mawa, kufupi ndi China, ogonja ankathawira kumadzulo, iwonso n'kukankha omwe awapeza.

Tili ndi mboni ya zimenezi. Mlembi wa Chigiriki dzina lake Priscus adalemba kuti cha m'ma 463 ku Constantinople, likulu la Aroma a kum'mawa lomwe lero ndi Istanbul, kudafika amithenga a mitundu itatu, Saragur, Ogur ndi Onogur, kudzapempha ubale. Iwo adati adachotsedwa kwawo ndi Asabir, ndipo Asabirwo adali atathamangitsidwa ndi anthu otchedwa Avar. Patapita zaka pafupifupi 50, Asabir eniakewo adali atafika kumpoto kwa Caucasus, moti mu 515 adadutsa mapiriwo n'kukafunkha m'dera lomwe lero ndi Turkey. M'zaka za m'ma 900 mlembi wa Chiarabu al-Masudi adalemba kuti Aturk ankatchula Akhazar kuti Sabir, umboni woti anthuwa sadachokenso m'deralo. Asabir, magulu a Ogur, ndiponso Aalan omwe adali komweko kuyambira kale, ndiwo adali anthu wamba a dziko lomwe lidadzatchedwa la Akhazar. Olamula adachokera kwina.

Nkhani ya olamulawo ikuyambira ku mapiri a Altai. Kumeneko kudali fuko la Aturk lotchedwa Ashina, amisiri osula zitsulo, omwe ankatumikira mafumu a Rouran. Mtsogoleri wawo Bumin, atathandiza mbuye wake kugonjetsa oukira, adapempha mwana wamkazi wa mfumuyo kuti amukwatire. Mabuku a ku China akuti mfumu idamubwezera chipongwe, kumukumbutsa kuti iye ndi kapolo wake wosula zitsulo chabe. Bumin adapha mthenga yemwe adabweretsa mawuwo. Mu 552 adathira nkhondo Rouran, mfumu yawo Anagui idadzipha, ndipo Bumin adatenga udindo wa khagan, mfumu ya mafumu a m'chidikhamo. Sadaudyerere nthawi yaitali ufumuwo, adamwalira posakhalitsa. Mbali ya kumadzulo idatsala m'manja mwa mng'ono wake, Istämi.

Ameneyu ndiye adathamanga. Cha m'ma 560, mogwirizana ndi mfumu ya Persia Khosrow I, adaphwasula ufumu wa Hephthalite womwe udali utatseka njira pakati pa Asia. Mu 568 kazembe wake Maniakh, wamalonda wa ku Sogdiana, adali atafika kale ku Constantinople kudzatsatsa silika, popeza Aperisi adali atakana malondawo mpaka kutentha silika wa amithengawo eniake akuona. Mu 576 asilikali a Aturk adalanda mzinda wa Bosporus ku Crimea, pomwe lero pali Kerch. Apo n'kuti patangopita zaka 24 chiukirire Bumin ku Altai.

Komatu si Altai yense adasamuka. Omwe ankapita kumadzulo adali akalonga a banja lachifumu, asilikali awo ndi mabanja awo. Akagonjetsa mtundu sankaupulula. Ankauikira nduna, kuulandira mtulo, ndi kutenga anyamata ake kupita nawo kunkhondo. Pakapita mibadwo iwiri kapena itatu, ana a ogonjetsa ndi ana a ogonja adali atakwatirana, akumenyera mfumu imodzi. Ife tisazione zachilendo izi: gulu la Zwangendaba lomwe lidawoloka Zambezi mu 1835 linkatola anthu a mitundu ina njira yonse, ndipo zidzukulu zawo lero onse ndi Angoni.

Chomwe chimanditsimikizira ine kuti mafumu a Akhazar adatengera ufumu wawo kwa Aturk ochokera kum'mawa ndi mwambo wina wachilendo wolongera mfumu. Buku la ku China lofotokoza mbiri ya mafumu a Zhou limati Aturk akamalonga khagan, ankamukulunga nsalu ya silika m'khosi n'kumukoka mpaka atatsala pang'ono kukomoka, kenaka n'kumufunsa kuti alamula zaka zingati, ndipo ankamvetsera zomwe angabwebwete. Patapita zaka 300 ndi kuposa, mlembi wa Chisilamu al-Istakhri adalemba mwambo womwewo pakati pa Akhazar, n'kuonjeza kuti khagan akapyola zaka zomwe adatchulazo ankaphedwa. Alembi awiriwa adalemba m'zinenero zosiyana, m'maiko otalikirana makilomita zikwizikwi. Mabuku a mafumu a Tang nawo amawatchula Akhazar kuti Tujue Kesa, kuwaika m'gulu la Aturk. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti banja lachifumu la Akhazar lidali nthambi ya Ashina, ngakhale ena amatsutsa.

Tsopano tifike pa chaka chomwe ndimachikonda pa nkhani yonseyi, 627. Mfumu ya Aroma a kum'mawa, Heraclius, madzi adali atafika m'khosi. Aperisi adali atamulanda Syria, Jerusalem ndi Egypt, ndipo mu 626 likulu lake Constantinople lidazingidwa ndi Avar mbali ino, Aperisi tsidya linalo. Adatumiza mthenga kumpoto kukapempha thandizo kwa Aturk a kumadzulo, omwe mfumu yawo idali Tong Yabghu. Pakati pa mapiri a Caucasus ndi nyanja ya Caspian pali kampata kopapatiza, makilomita atatu okha, pomwe pali mzinda wa Derbent. Mafumu a Persia adamangapo malinga a miyala kuti anthu a m'chidikha asamadutse. Mu 627 asilikali a kumpoto adabowola pamenepo.

Heraclius adakumana ndi mtsogoleri wawo, yemwe Agiriki adamulemba kuti Ziebel, kunja kwa linga la Tiflis, mzinda womwe lero ndi Tbilisi. Alembi a ku Constantinople akuti Ziebel adatsika pa kavalo n'kugwada, ndipo Heraclius adavula chisoti chake chachifumu n'kumuveka, kumutcha mwana wake. Adamuonetsanso chithunzi cha mwana wake wamkazi Eudokia, n'kulonjeza kuti adzampatsa akhale mkazi wake. Ziebel adamusiyira asilikali 40,000. Koma Tiflis sudagwe chaka chimenecho. Buku la mbiri la Chiarmenia, lomwe amati adalemba Movses Kaghankatvatsi, limasimba kuti anthu a mumzindamo ataona adani akupasula misasa, adatenga dzungu lalikulu n'kulijambula nkhope ya mfumu ya akumpotoyo: timizere m'malo mwa zikope, mphuno yotambalala, chibwano chopanda ndevu, titsitsi towerengeka pamwamba pa mlomo. Adaliimika pamwamba pa linga, kufuula kuti bwerani mudzalambire mfumu yanu, kenaka n'kulibaya ndi mkondo. Chaka chotsatira mfumuyo idabwereranso, mzinda udagwa, ndipo anthu ambiri adaphedwa. Nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni, koma imationetsanso kanthu kofunika: kwa anthu a ku Caucasus, nkhope za olamulawo zidali zachilendo, za anthu ochokera kutali kum'mawa.

Mlembi wina, Theophanes, pofotokoza nkhondoyi adawatchula anthuwa kuti Aturk ochokera kum'mawa otchedwa Akhazar. Iyeyu ankalemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 800, Akhazar atatchuka kale, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti adagwiritsa ntchito dzina lomwe anthu a nthawi yake ankalidziwa. Mu 627 deralo lidali likadali nthambi ya ufumu wa Aturk.

Nthambiyo idaima payokha thunthu litagwa. Cha m'ma 630 Tong Yabghu adaphedwa ndi wachibale wake, mafuko ake n'kuyamba kudyana okhaokha. Mu 657 kazembe wankhondo wa China, Su Dingfang, adagwira khagan Ashina Helu, ndipo ufumu wa Aturk a kumadzulo udathera pomwepo. Nduna ndi asilikali omwe adali kumalekezero, ku Caucasus ndi kumunsi kwa mtsinje wa Volga, adatsala opanda wowalamula. Pakati pa 630 ndi 670 ndi pomwe dzina la Khazar lidayamba kumveka monga dzina la ufumu wokhala ndi khagan wakewake.

Ngati pali ulendo wa kumadzulo womwe tingautchedi wa Akhazar, ndi womwe udatsatira apa, ndipo udali wokulitsa malire, osati wothawa. Kumpoto kwa Black Sea kudali ufumu wa Abulgar pansi pa mfumu Kubrat. Iye atamwalira ana ake adagawikana, Akhazar n'kupezerapo danga. Mwana wamkulu, Batbayan, adatsala m'dziko la bambo ake n'kumapereka mtulo. Gulu lina lidakwera kumpoto, ndipo zidzukulu zake zidadzamanga dziko la Abulgar a ku Volga. Mwana wina, Asparukh, adathawira ku mtsinje wa Danube, komwe mu 680 adagonjetsa mfumu Constantine IV, ndipo pangano la mu 681 ndilo limawerengedwa ngati chiyambi cha dziko la Bulgaria. Akhazar eniake ankazikumbukira izi. Patapita zaka pafupifupi 300, mfumu yawo Joseph idalemba m'kalata kuti makolo ake adapeza dzikolo lili ndi eni, adawagonjetsa ngakhale adali ochuluka, n'kuwapirikitsa mpaka ku Danube.

Pofika cha m'ma 700 mphamvu zawo zidali zitafika ku Crimea. Justinian II, mfumu ya ku Constantinople yomwe idachotsedwa pampando mu 695, kudulidwa mphuno n'kuponyedwa ku Cherson, mzinda wa ku Crimea komweko, idathawira kwa khagan wa Akhazar. Khagan adaipatsa mlongo wake, yemwe pobatizidwa adatchedwa Theodora. Pambuyo pake khagan yemweyo adalandira chiphuphu kuti aphe mlamu wakeyo, koma Theodora adatsina khutu mwamuna wake, iye n'kuthawa, ndipo mu 705 adaulandanso ufumu wake. Mwana wanuyo mumuuze kuti ogonja a m'ma 460, ogonjetsa a m'ma 570 ndi amasiye a ufumu womwe udagwa mu 657 ndiwo pamodzi adakhala Akhazar.

FUNSO: Ndidamva wina akulalikira kuti Akhazar ndiwo adatchinga Chisilamu kuti chisalowe kum'mawa kwa Ulaya. Ine ndine Msilamu ndipo ndikufuna kudziwa ngati anthuwa adalidi adani a chipembedzo changa.

YANKHO: Bambo, nkhondo zidalipo, zazikulu ndithu. Asilikali a Aarabu atagonjetsa Persia adafika ku Derbent n'kupitirira kumpoto. Mu 652 adazinga Balanjar, likulu loyamba la Akhazar, koma adagonja ndipo mtsogoleri wawo Abd al-Rahman ibn Rabi'a adafera pomwepo. Mu 722 kazembe al-Jarrah ibn Abdallah adaulanda mzindawo. Mu 730 Akhazar adabwezera: adamupha al-Jarrah pafupi ndi Ardabil, kumpoto kwa Iran wa lero, n'kufunkha mpaka kufupi ndi Mosul. Mu 737 Marwan ibn Muhammad, yemwe adadzakhala khalifa (mtsogoleri wa ufumu wa Asilamu) womaliza wa banja la Umayyad ku Damascus, adalowa mkati mwenimweni mwa dziko lawo mpaka ku Volga, ndipo khagan adavomera Chisilamu kuti apulumuke. Asilikaliwo atabwerera kwawo, chivomerezocho sichidakhalitse, ndipo malire adakhazikika pa Derbent.

Nkhondo zimenezi zidawasunthanso Akhazar, ulendo uno kulowera kumpoto. Likulu lidachoka ku Balanjar kupita ku Samandar, kenaka ku Itil, pomwe Volga amathira m'nyanja ya Caspian. Zidawayandikizanso kwa Aroma, mdani wa Aarabu: cha m'ma 732 mwana wamkazi wa khagan adakwatiwa ndi Constantine V, ndipo mwana wawo Leo IV, yemwe adalamula kuyambira 775 mpaka 780, ankatchedwa Leo Mkhazar.

Choncho n'zoona kuti asilikali a khalifa sadakhazikike kumpoto kwa Caucasus, ndipo Akhazar ndiwo adawaletsa. Koma kuwatcha adani a Chisilamu n'kuwanamizira. Ankamenyera msipu, mipata ya m'mapiri ndi njira za malonda. Nkhondo zitazizira, Itil udadzaza ndi amalonda Achisilamu ndi mizikiti yawo, mfumu n'kumadula msonkho wa gawo limodzi mwa magawo khumi pa katundu wodutsa. Al-Masudi akuti asilikali olondera mfumu adali Asilamu ochokera kumbali ya Khwarazm, ndipo adapangana nayo kuti sadzatumizidwa kukamenya Asilamu anzawo. Akutinso mumzindamo mudali oweruza asanu ndi awiri: awiri a Asilamu, awiri a Ayuda, awiri a Akhristu, ndi mmodzi wa otsata zipembedzo za makolo. Ine ndimaulemekeza ufumu umenewu chifukwa cha oweruza amenewa kuposa chifukwa cha nkhondo zake. Mpaka lero Aperisi ndi anthu a ku Turkey amatchulabe Caspian kuti nyanja ya Khazar.

FUNSO: Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti Ayuda a ku Ulaya si Ayuda enieni koma ndi Akhazar omwe adathawira kumadzulo ufumu wawo utagwa. Ndine mayi wokonda kuwerenga Baibulo ndipo zandisokoneza. Zoona zake n'ziti?

YANKHO: Mayi, uthengawo watenga chinthu chimodzi choona n'kumangirirapo bodza lalikulu. Choonacho n'choti mafumu ndi akuluakulu a Akhazar adalowadi Chiyuda. Al-Masudi akuti zidachitika m'nthawi ya khalifa Harun al-Rashid, yemwe adalamula kuyambira 786 mpaka 809, pomwe alembi ena amatchula zaka zina. Mu 1999, pa chilumba cha Gotland ku Sweden, padafukulidwa chuma chokwiriridwa, ndipo pakati pa ndalama zasiliva padali ina yosulidwa kwa Akhazar cha m'ma 837 kapena 838, yolembedwa m'Chiarabu kuti Mose ndi mtumiki wa Mulungu. Kalata ya mfumu Joseph yomwe ndatchula ija idali yoyankha Hasdai ibn Shaprut, Myuda yemwe adali nduna ku Córdoba ku Spain, amene adamva za ufumu wa Chiyuda kum'mawa n'kufuna kudziwa ngati ulikodi. Koma anthu wamba a dzikolo adali osakanikirana, monga oweruza aja akuonetsera.

Ganizo loti Ayuda a ku Ulaya adachokera kwa Akhazar lidatchuka ndi buku la Arthur Koestler la mu 1976. Umboni sukuligwirizira. Ayuda a ku Poland, Lithuania ndi Russia ankayankhula Yiddish, chinenero chomwe thunthu lake ndi Chijeremani, osati cha Aturk. Midzi yawo yakale ikudziwika, ili m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ku Germany, ku Mainz, Worms ndi Speyer, ndipo kuchokera kumeneko ulendo wawo udali wolowera kum'mawa. Kafukufuku wamkulu wa za chibadwa cha m'magazi yemwe adatsogolera Doron Behar mu 2013 sadapeze chizindikiro choti adachokera kwa Akhazar. Adapeza kuti amayandikana ndi Ayuda a kumadera ena komanso anthu a ku Middle East ndi ku Ulaya. Ndikupemphani, mayi, uthengawo musautumizenso kwa ena. Ambiri mwa omwe amaufalitsa cholinga chawo n'kudanitsa anthu ndi Ayuda, ndipo amawachimwiranso Akhazar powasandutsa chida chonyozera mtundu wina.

Nanga adathera kuti? Gulu limodzi lomwe tikudziwa kuti lidapitadi kumadzulo ndi la Kabar, mafuko atatu omwe adaukira mafumu a Akhazar, atagonja n'kukaphatikana ndi Amagyar, ndipo adalowa nawo m'dziko lomwe lero ndi Hungary cha m'ma 895. Ufumu weniweniwo udagwetsedwa ndi Sviatoslav, kalonga wa ku Kiev, yemwe mu 965 adalanda linga la Sarkel pa mtsinje wa Don, ndipo pofika 969 Itil ndi Samandar idali itaphwasulidwa. Mabuku akale a ku Kiev akutchulabe Akhazar ku Tmutarakan, m'mphepete mwa Black Sea: mu 1079 adagwira kalonga Oleg n'kumutumiza ku Constantinople, ndipo iye atabwerera mu 1083 adawapha omwe adamupereka. Otsala adasakanikirana ndi anthu a ku Caucasus ndi ku Volga, komanso ndi mitundu yomwe idatenga chidikhacho pambuyo pawo, Apecheneg, Aoghuz ndi Akipchak.